Ntchito ya anthu odzipereka posamalira odwala matenda oiwalaiwala: mmene imayendera ndi pamene imalekezera

M'chaka cha 2023 dziko la America linavomereza mankhwala atsopano otchedwa lecanemab, ndipo chaka chotsatira linavomerezanso ena otchedwa donanemab. Nkhaniyi inafala kwambiri, moti ena amene anangoimva mwapatalipatali anaganiza kuti mankhwala ochiza matenda oiwalaiwala apezeka. Zoona zake n'zakuti mankhwalawa sachiza. Amangochedwetsako pang'ono kukula kwa matenda a Alzheimer, mtundu wofala kwambiri wa matenda oiwalaiwala, mwa anthu amene angoyamba kumene kudwala, kawirikawiri amaperekedwa kuchipatala mwezi ndi mwezi kapena kawiri pamwezi, amafuna kuti wodwala aziunikidwa ubongo pafupipafupi, ndiponso ndi okwera mtengo moti odwala ambiri padziko lapansi sangawapeze. Kwa anthu ochuluka zedi, chithandizo chimene chilipo lero ndi anthu anzawo: achibale, ogwira ntchito zaumoyo, komanso gulu lina limene silitchulidwatchulidwa, la anthu ogwira ntchito mongodzipereka, amene ambiri timawatchula kuti mavolontiya. Anthu ambiri sadziwa bwinobwino chimene gululi limachita. Ena amawayesa anamwino, ena amawayesa alendo ongobwera kudzazonda wodwala, pamene iwo ali pakati penipeni pa ziwirizi.

Kodi matendawa ndi otani?

Mawu akuti dementia, amene m'nkhani ino tikuwatchula kuti matenda oiwalaiwala, si dzina la nthenda imodzi. Ali ngati mawu akuti "kutentha thupi", amene amanena chimene chikuoneka pa munthu pamene zoyambitsa zake n'zosiyanasiyana. Madokotala amagwiritsa ntchito mawuwa pamene nzeru za munthu zokumbukira, zoganiza, zolankhula ndi zosankha zochita zafooka chifukwa cha kuwonongeka kwa ubongo, mpaka kufika poti akulephera kuchita zinthu za tsiku ndi tsiku zimene kale ankachita yekha popanda vuto. Dzina lakuti "oiwalaiwala" limasiya mbali ina, chifukwa kuiwala si chizindikiro chokhacho: wina amasochera panjira imene wayendapo zaka makumi anayi, wina amasowa mawu otchulira supuni imene ali nayo m'manja, wina khalidwe limasintha moti ana ake enieni amadabwa naye.

Mwa odwala 100 alionse, pakati pa 60 ndi 70 amakhala ndi matenda a Alzheimer, amene anatenga dzina kwa dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer. Iye anafotokoza matendawa mu 1906, atapima ubongo wa mayi wina dzina lake Auguste Deter amene anayamba kumuona ku Frankfurt mayiyo ali ndi zaka 51. Mtundu wina umabwera pamene mitsempha ya magazi ya mu ubongo yatsekeka kapena yawonongeka, kawirikawiri pambuyo pa sitiroko. Palinso mtundu wotchedwa Lewy, umene umachititsa munthu kuona zinthu zimene palibe, ndi wina umene umagwira mbali ya kutsogolo kwa ubongo n'kuyamba ndi kusintha khalidwe kapena kalankhulidwe, nthawi zambiri munthu asanafike zaka 65. Matendawa si misala, si chilango, ndiponso si ukalamba wamba, chifukwa okalamba ambiri amafika kumapeto kwa moyo wawo nzeru zili bwinobwino.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ankakhala m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono. Chaka chilichonse pafupifupi anthu 10 miliyoni amayamba kudwala.

Kuti timvetse ntchito ya wodzipereka, chinthu chimodzi chokhudza ubongo n'chofunika kuchigwira bwino. M'matenda a Alzheimer, mbali imene imayamba kuwonongeka ndi imene imasunga zinthu zatsopano. Zili ngati njira za m'tchire: njira imene anthu adutsamo zaka zambiri imakhalabe yooneka ngakhale mvula igwe, koma imene yangopondedwa dzulo udzu umaitseka msanga. N'chifukwa chake munthu amene sakukumbuka ngati wadya m'mawa uno amatha kuimba nyimbo ya paubwana wake kuyambira koyamba mpaka kothera. Chinanso n'chakuti mmene munthu wamvera mumtima zimakhalitsa kuposa chochitika chimene chinazibweretsa. Wodwala akhoza kuiwala kuti kunabwera mlendo, koma mtendere umene mlendoyo wasiya ukhoza kukhalapo mpaka madzulo, ndipo chimodzimodzinso mantha amene wina wamusiyira pomukalipira. Amene amafunsa kuti, "Kumuyendera kuli ndi phindu lanji poti aiwala?" yankho lawo lagona pamenepa.

Katundu amene banja limasenza

Malinga ndi WHO, mu 2019 matendawa anawonongetsa dziko lapansi ndalama zokwana madola a ku America 1.3 thiriliyoni, ndipo pafupifupi theka la chiwerengerochi ndi mtengo wa ntchito imene achibale ndi abwenzi amagwira popanda malipiro. Osamalira otere amathera pafupifupi maola asanu patsiku posamalira ndi kuyang'anira wodwala, ndipo maola 70 mwa 100 alionse a ntchitoyi amagwiridwa ndi amayi. Maola asanuwo ndi chiwerengero chapakati chabe. Matenda akafika pakatikati, wosamalira sagonanso tulo tokwanira chifukwa wodwala amadzuka usiku n'kumafuna kutuluka panja. Sapitanso kukacheza chifukwa sangamusiye yekha. Amayankha funso lomwelomwelo kambirimbiri patsiku. Ndipo chopweteka kwambiri n'chakuti amayamba kulira maliro a munthu amene akadali moyo. Zimenezi zimatha zaka, osati miyezi.

Anzake a banjalo nawonso amayamba kutalikira pang'onopang'ono, osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa sadziwa choti alankhule ndi munthu amene sakuwazindikira. Motero matendawa amatsekera anthu awiri m'nyumba, wodwala ndi womusamalira. Mpata umenewu, wa maola ambiri amene dokotala kulibe ndipo achibale ena ali kutali, ndi umene ntchito za anthu odzipereka zinabadwira.

Njira zimene ntchitoyi imagwiridwira

Njira yodziwika kwambiri inayambira ku Netherlands. Pa 15 September 1997, katswiri wa zamaganizo Bère Miesen anatsegula msonkhano woyamba umene anautcha Alzheimer Café pa yunivesite ya Leiden. Iye anaona kuti m'mabanja ambiri matendawa sankatchulidwa n'komwe, ngakhale pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, ndipo anafuna malo amene wodwala, achibale ndi akatswiri angakhale pamodzi momasuka n'kukambirana poyera. Maganizowa anafalikira m'mayiko ambiri, ndipo lero misonkhano yotere imachitikira m'maholo, m'nyumba zowerengeramo mabuku ndi m'malo opembedzera, kawirikawiri kamodzi pamwezi kapena pamlungu. Odzipereka ndi amene amakonza malo, kulandira anthu pakhomo, kukhala pambali pa munthu amene wabwera koyamba, ndi kuitana katswiri woti adzayankhe mafunso. Phindu lalikulu la malo otere n'lakuti palibe amene amachita manyazi. Wodwala akabwereza nkhani yomweyo katatu, palibe amene amayang'ana kumbali, ndipo mkazi amene wakhala akuganiza kuti ndi yekhayo amene nthawi zina amapsa mtima ndi mwamuna wake wodwala amamva mnzake akunena zomwezo.

M'dziko lomwelo, ku Amsterdam, munayambikanso mu 1993 malo okumanirana amene anakonzedwa ndi Rose-Marie Dröes, kumene odwala amapita masiku angapo pamlungu kukachita masewera olimbitsa thupi, kuimba ndi ntchito zamanja, pamene owasamalira akulandira uphungu. Kumeneku ogwira ntchito olipidwa amakhala ochepa, ndipo odzipereka amathandizana nawo.

Dziko la Japan linatenga njira ina. Mu 2004 boma linasintha dzina la matendawa, kuchoka pa mawu akale akuti chihō, amene anali ndi tanthauzo lonyoza la uchitsiru, kupita pa mawu akuti ninchishō, amene amangonena za vuto la kazindikiridwe ka zinthu. Chaka chotsatira, mu 2005, linayambitsa ndondomeko yophunzitsa anthu wamba phunziro la mphindi 90 lokhudza matendawa, ndipo womaliza phunziroli ankalandira chibangili cha mtundu wa lalanje. Anaphunzira ogulitsa m'masitolo, oyendetsa mabasi, ogwira ntchito m'mabanki, apolisi ndi ana asukulu, ndipo chiwerengero chawo chinapitirira 10 miliyoni. Anthuwa salonjeza kukasamalira wodwala aliyense. Chimene amaphunzira n'choti akakumana ndi nkhalamba imene yasokonezeka pamalo okwerera basi, kapena imene ikulephera kuwerenga ndalama pogula zinthu, aziizindikira ndi kuithandiza modekha m'malo moithamangitsa. Bungwe la Alzheimer's Society la ku Britain linatengera njirayi mu 2013 pansi pa dzina lakuti Dementia Friends, ndipo mayiko ena ambiri anatsatira.

Palinso magulu oimba, mafoni amene wosamalira angaimbe akathedwa nzeru, ndi anthu operekeza odwala kuchipatala. Mabungwe ambiri a m'mayiko osiyanasiyana amene amayendetsa zimenezi anayambitsidwa ndi achibale a odwala, ndipo amalumikizana kudzera m'bungwe la Alzheimer's Disease International, limene linakhazikitsidwa mu 1984 ndipo linayambitsa tsiku lokumbukira matendawa la 21 September mu 1994.

Koma njira imene imafika pafupi kwambiri ndi moyo wa banja ndi ya kuyendera wodwala kunyumba, ndipo iyi ndi yoyenera kuiona mwachifatse.

Maola awiri m'nyumba ya wodwala

Tiyerekeze mayi wodzipereka amene amayendera gogo wina tsiku limodzi pamlungu, tsiku lomwelomwelo ndi nthawi yomweyomweyo. Akalowa sachokera kumbuyo kwa gogoyo, koma amadzera kutsogolo kuti aoneke, n'kukhala pansi kuti maso awo alingane. Safunsa kuti, "Agogo, mwandizindikira?" chifukwa funso lotere ndi mayeso, ndipo wolephera mayeso amachita manyazi. M'malo mwake amadzitchula yekha dzina n'kunena kuti, "Ndabwera kudzacheza nanu, agogo." Akafuna kudziwa chimene gogoyo akufuna kuvala, safunsa funso lotambalala, koma amanyamula majuzi awiri n'kunena kuti, "Muvala iyi kapena iyi?" Kenako amadikira. Kudikirako n'kovuta kuposa mmene kumamvekera, chifukwa ubongo wodwala umatenga nthawi kuti upeze yankho, ndipo munthu wathanzi amafulumira kuyankha m'malo mwa mnzake poganiza kuti akumuthandiza.

Pafupi pali basiketi ya zovala zochapa. Wodzipereka amatulutsa thaulo n'kuyamba kulipinda, ndipo posakhalitsa manja a gogoyo amatola lina n'kulipinda mwaukhondo, ngodya ndi ngodya, monga anachitira moyo wawo wonse. Manja amakumbukira zimene mutu waiwala. Ali mkati mopinda, gogoyo amaima n'kufunsa kuti, "Amayi anga abwera nthawi yanji?" Amayi awowo anamwalira zaka makumi atatu zapitazo. Apa ndi pamene maphunziro a wodzipereka amaonekera. Akanena kuti, "Amayi anu anamwalira kalekale," gogoyo amva uthenga wa maliro ngati koyamba, alira, ndipo pakatha ola afunsanso. Akanama kuti, "Abwera posachedwa," gogoyo akhoza kukaima pakhomo mpaka usiku. Choncho amayankha zimene zili kuseri kwa funsolo, chifukwa munthu wamkulu wofuna amayi ake nthawi zambiri akufuna chitetezo: "Mwawakumbuka amayi anu lero, agogo. Tandiuzani, ankakonda kuimba nyimbo yanji akamagwira ntchito?" Nkhope imamasuka, nkhani imayamba, ndipo mwina nyimbo imatuluka.

Nthawi yonseyi mwana wamkazi wa gogoyo ali m'chipinda china, wagona tulo tofa nato kwa nthawi yoyamba m'masiku atatu. Akatswiri ali ndi dzina la chithandizo choterechi, koma tanthauzo lake ndi kupumitsa wosamalira. Ine ndimaona kuti ambiri amene amayamikira ntchito ya odzipereka amayang'ana kwambiri kumwetulira kwa wodwala n'kuiwala chitseko chotsekedwacho, pamene kawirikawiri tulo ta maola awirito ndi timene timachititsa kuti banja lipitirize kusamalira kholo lawo pakhomo chaka china.

Kachitidwe kameneka kali ndi gwero lake. Tom Kitwood, katswiri wa zamaganizo wa pa yunivesite ya Bradford ku England, anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1990 kuti wosamalira aziona munthu poyamba, matenda pambuyo, ndipo anasonyeza kuti zambiri zimene timati ndi "kuvuta" kwa wodwala zimakula chifukwa cha mmene anthu omuzungulira amamuchitira: kumulankhula ngati mwana, kukambirana za iye ali pomwepo ngati palibe, kumuchitira zonse mothamanga. Munthu amene akukana kusamba mwina akumva kuzizira kapena manyazi. Amene akuyendayenda madzulo mwina akumva kupweteka kumene sangathe kukutchula. Wodzipereka wophunzitsidwa bwino amafunsa kuti, "Akufuna kundiuza chiyani?" asanafunse kuti, "Ndimuletse bwanji?"

Maphunziro ndi malire

Mtima wabwino wokha sukwanira pa ntchito imeneyi, ndipo mabungwe oyendetsedwa bwino amadziwa zimenezi. Amayamba afufuza mbiri ya munthu wofuna kudzipereka, chifukwa wodwala amene sangakumbukire kapena kufotokoza zimene zamuchitikira ndi wosavuta kumubera ndi kumuzunza. Amamuphunzitsa za matendawa, za kalankhulidwe, za kusunga chinsinsi cha banja, ndi za zoyenera kuchita akaona zizindikiro za nkhanza. Amamulumikiza ndi wodwala amene angagwirizane naye, ndipo amaika mtsogoleri, kawirikawiri wolembedwa ntchito, amene wodziperekayo amamufotokozera mmene ulendo uliwonse wayendera.

Malire ake ndi omveka. Wodzipereka sapima matenda, sasintha kamwedwe ka mankhwala, sagwira ndalama kapena zikalata za katundu wa wodwala, samangirira kapena kutsekera munthu, ndipo m'mabungwe ambiri sasambitsa kapena kunyamula wodwala pokhapokha ataphunzitsidwa mwapadera. Malirewa amateteza mbali zonse ziwiri. Komabe pali ntchito imodzi ya zaumoyo imene iye ali pamalo abwino oichita, ndiyo kuona kusintha. Matenda oiwalaiwala amakula pang'onopang'ono, m'miyezi ndi m'zaka. Munthu amene mlungu watha ankacheza bwino akapezeka lero ali wosokonezeka kwambiri, akuwodzera kapena akubwebweta, si kuti matendawo angokula mwadzidzidzi. Nthawi zambiri ndi vuto lina limene madokotala amalitcha delirium, kusokonezeka kwadzidzidzi kumene kumabwera chifukwa cha matenda a m'chikhodzodzo kapena a m'chifuwa, kuchepa kwa madzi m'thupi, kudzimbidwa kapena mankhwala ena. Vutoli ndi lofunika dokotala tsiku lomwelo, ndipo kawirikawiri limachizika. Munthu amene amabwera kamodzi pamlungu nthawi zina amaona kusinthaku msanga kuposa amene watopa ndi kukhala ndi wodwalayo usana ndi usiku.

Chimodzimodzinso, wodzipereka akakumana ndi banja limene silinapite ndi wodwala kuchipatala, ntchito yake ndi kuwalimbikitsa kutero, chifukwa kuiwalaiwala kwina kumachokera ku zinthu zochizika monga matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, kapena matenda ena olowa mu ubongo. Kutchula munthu kuti ali ndi dementia popanda kumupima n'kumutsekera khomo la chithandizo.

Kodi zimathandizadi?

Funsoli liyenera kuyankhidwa moona mtima, ndipo yankho lake silili mbali imodzi. Ku Goa, m'dziko la India, ofufuza anaphunzitsa anthu wamba kuti aziyendera mabanja a odwala moyang'aniridwa ndi mlangizi ndi dokotala wa zamaganizo, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2008 zinasonyeza kuti thanzi la m'maganizo la osamalira linayenda bwino ndipo nkhawa yawo pa khalidwe la wodwala inachepa. Palinso njira yodzutsa maganizo yotchedwa CST, imene inakonzedwa ku London: odwala ochepa amakumana kawiri pamlungu kwa milungu isanu ndi iwiri, kukambirana, kusewera ndi mawu ndi kukumbutsana zakale. Njirayi yaonetsa kuti imathandiza kaganizidwe ka odwala amene matenda sanafike patali, imatha kutsogoleredwa ndi anthu amene si madokotala akaphunzitsidwa, ndipo inasinthidwa kuti igwirizane ndi mayiko monga Tanzania ndi Nigeria.

Koma chaka chomwecho cha 2008, kafukufuku wa ku England wokhudza osamalira 236 anapeza zina. Theka la iwo anapatsidwa mwayi wokhala ndi bwenzi lodzipereka lomacheza nalo, ndipo patatha miyezi 15 sipanaoneke kusiyana kwenikweni pa thanzi lawo la m'maganizo poyerekeza ndi amene sanapatsidwe mwayiwo. Chimodzi mwa zimene zinaoneka n'chakuti pafupifupi theka la amene anapatsidwa mwayiwo sanaugwiritse ntchito. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuilingalira: wosamalira wotopa akhoza kuona mlendo ngati ntchito ina yowonjezera, kapena akhoza kuchita manyazi kulola munthu wakunja kuona mmene zinthu zilili pakhomo. Zikuoneka kuti chithandizo chimagwira bwino ntchito pamene chili ndi dongosolo, chikupereka luso lenileni, ndipo pali katswiri kumbuyo kwake, kusiyana ndi pamene chili kucheza chabe. Palibenso umboni wakuti kuyendera wodwala kumaimitsa kuwonongeka kwa ubongo. Chimene chimasintha ndi mmene masiku a munthuyo ndi a banja lake akuyendera, ndipo zimenezi n'zovuta kuziyeza ndi manambala.

Mbali ina imene odzipereka amalowererapo ndi ya kupewa. Gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 mwa odwala 100 alionse matenda awo amakhudzana ndi zinthu 14 zimene zingathe kusinthidwa, monga kuthamanga kwa magazi, shuga, kusuta fodya, kumwa mowa mopitirira, kusamva bwino m'makutu, kusaona bwino ndi kukhala kwayekha. Kusungulumwa kuli pamndandandawu, ndipo ndi chinthu chimene munthu wamba angachepetse popanda chida chilichonse.

Mkangano umene ulipo

Si onse amene amaona kukula kwa ntchito zodzipereka ndi diso limodzi. Ena amati ndi njira yokhayo yotheka, chifukwa palibe dziko limene lidzakhale ndi madokotala ndi anamwino okwanira odwala onse, ndipo amakumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga. Amatinso pali chinthu chimene wodzipereka amapereka chimene wolipidwa sangapereke mofanana: wodwala ndi banja lake amadziwa kuti munthuyu wabwera chifukwa wafuna. Ena amada nkhawa kuti maboma akhoza kubisala kumbuyo kwa anthu amtima wabwino n'kusiya udindo wawo, kuti ntchito yopanda malipiro imagwera kwambiri amayi amene akusenza kale katundu wochuluka, ndiponso kuti chithandizo chodalira odzipereka chimapezeka kumene kuli anthu okhala ndi nthawi yopuma, osati kumene kuli vuto lalikulu. Ndondomeko ya WHO yolimbana ndi matendawa, imene mayiko anavomereza mu 2017, inaika udindo wothandiza ndi kuphunzitsa osamalira m'manja mwa maboma, ndipo mu 2019 bungweli linatulutsa maphunziro a osamalira otchedwa iSupport kuti mayiko awamasulire ndi kuwasintha malinga ndi kwawo. Mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa chinthu chimodzi: ntchito yodzipereka si yaulere kuiyendetsa, chifukwa maphunziro, maulendo, malo okumanirana ndi mtsogoleri zimafuna ndalama, ndipo gulu likasowa zimenezi limatha pakapita zaka zochepa.

Vuto lina ndi la kusakhazikika. Wodwala amazolowera nkhope ndi mawu pang'onopang'ono, ndipo wodzipereka akasiya pakatha miyezi iwiri, banja limayambiranso pachiyambi. N'chifukwa chake mabungwe ambiri amapempha munthu kulonjeza nthawi yochepa imene angaikwanitse kwa miyezi yambiri, m'malo mwa nthawi yambiri imene angaisiye msanga.

Wosamalira wodzipereka amasamalidwa ndi ndani?

Ubwenzi umene wodzipereka amalowamo ndi wodziwika kothera kwake. Gogo amene chaka chino akupinda mathaulo, chaka chamawa mwina sadzathanso, ndipo pambuyo pake mawu adzachepa mpaka kutsala kugwirana dzanja ndi kung'ung'udza nyimbo. Ntchito ya wodzipereka imasintha motsatira: kuchoka pa kucheza, kufika pa kukhala chete pambali pa bedi kuti mwana wa wodwalayo akasambe kapena akapume. Pamapeto pake pamabwera imfa, ndipo wodziperekayo amalira munthu amene sanali m'bale wake, mwina amene sanamutchulepo dzina n'kamodzi komwe. Mabungwe osamala amakonza nthawi yoti odzipereka azikumana ndi kutulutsa zakukhosi, amawalola kupuma asanawapatse banja lina, ndipo amawalimbikitsa kuyenderabe banja loferedwalo kwa kanthawi, chifukwa wosamalira amene moyo wake wonse unazungulira pa wodwala amadzuka m'nyumba yopanda ntchito ndi yopanda anzake.

Ambiri mwa odzipereka okhalitsa amachokera pakati pa anthu oferedwa omwewa. Pakapita chaka kapena ziwiri, mayi amene ankagona kuseri kwa chitseko chija amabwereranso kumsonkhano, n'kukakhala pafupi ndi khomo, ndipo akaona munthu akulowa koyamba atagwira dzanja la bambo ake, akuyang'ana uku ndi uku posadziwa pokhala, amaimirira n'kukawakokera mipando iwiri.